Chikwanje Chili ndi Mnyamata, Chilolezo Chili ndi Mtsogoleri



Pa 19 Julayi 2011, dzuwa likuswa mtengo, magalimoto okhala ndi zizindikiro za chipani cholamula cha nthawi imeneyo, DPP, anazungulira m'misewu ya mumzinda wa Blantyre. Kumbuyo kwake kunali anyamata, zikwanje zili m'manja, ena akuzinola pa phula anthu akuona. M'mawa mwake kunali zionetsero zodandaula za kusowa kwa mafuta a galimoto, kusowa kwa ndalama zakunja ndi kayendetsedwe ka boma. Mmene zionetserozo zinkatha, anthu 20 anali atafa, ambiri mwa iwo ndi zipolopolo za apolisi. Amene mumachokera ku Mzuzu mukuwadziwa manda a ku Zolozolo.

Funso limene ndabwera nalo ndi laling'ono. Mnyamata amene anakwera galimoto ija anadziwa bwanji kuti samangidwa? Kuyenda ndi chikwanje pakati pa mzinda n'kumaopseza anthu ndi mlandu, ndipo mnyamatayo ankadziwa. Akanachita zimenezo yekha tsiku lina lililonse, akanagona m'chitokosi cha polisi tsiku lomwelo. Koma tsikuli anakwera mosabisa nkhope, akuimba. Alipo amene anamuphunzitsa kuti lero lamulo silimuona. Nkhani yanga yonse yagona pa mphunzitsi ameneyo.

Tikamakamba za atsogoleri ndi ziwawa, timakonda kufunafuna lamulo lachindunji, pamene bwana anaima pa nsanja n'kunena kuti pitani mukamenye uje. Lamulo lotero silipezeka kawirikawiri, ndipo atsogoleri amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake ziwawa zikachitika, mneneri wa chipani amathamangira pa wailesi kunena kuti amenewo si anyamata athu, chipani chathu n'chokonda mtendere, aliyense akhoza kugula malaya a chipani pa msika. Mwina sakunama kuti panalibe lamulo. Koma achinyamata saphunzira ziwawa kudzera m'malamulo. Amayang'ana amene wamangidwa ndi amene wakwezedwa udindo. Amayang'ana nthabwala imene bwana waseka, ndi maliro amene bwana sanapiteko.

Katswiri wina wa kaganizidwe ka anthu, Albert Bandura wa ku yunivesite ya Stanford ku America, anayesa zimenezi ndi ana aang'ono. Mu 1961 anaonetsa ana munthu wamkulu akumenya chidole chachikulu chopopa mpweya, ndipo anawo atasiyidwa ndi chidolecho anachimenya momwemo. Zimenezi makolo sangadabwe nazo. Chofunika kwa ife ndi chimene anapeza mu 1965. Ana ena anawaonetsa womenya uja akupatsidwa mphotho, ena anamuona akudzudzulidwa ndi kulangidwa, ena anamuona akungochoka popanda chomuchitikira. Ana amene anaona chilango sanatengere kwambiri kumenyako. Amene anaona mphotho ndi amene anaona kuti palibe chachitika anamenya chidolecho pafupifupi mofanana. Kenako Bandura analonjeza anawo mphatso ngati angasonyeze zimene anaona, ndipo magulu onse atatu anasonyeza bwinobwino. Ndiye kuti kumenya anali ataphunzira onse. Chimene chinasiyanitsa womenya ndi wosamenya ndi zimene anaona zikumuchitikira wamkulu uja. Ndipo taonani: kukhala chete kunagwira ntchito yofanana ndi mphotho.

Dziko lathu lakhala likuchita kafukufuku ameneyu pa ana ake enieni kwa zaka zoposa 60.

Gulu la Malawi Young Pioneers, apayoniya, linakhazikitsidwa mu 1963. Tinene chilungamo, panali zabwino. Ku Nasawa ndi kumalo ena ophunzitsira, achinyamata ankaphunzira ulimi, ukalipentala, zomangamanga, ndipo alipo madala lero amene amadyetsa mabanja awo ndi luso limene analipeza kumeneko. Koma mu 1965 lamulo linaika apayoniya pamalo poti wapolisi sangamange mpayoniya asanapemphe kwa akuluakulu a gululo. Taganizani uthenga umene mnyamata wa zaka 19 ankalandira. Wavala yunifomu, wauzidwa kuti ndiye diso ndi khutu la Ngwazi, ndipo wapolisi wamkulu msinkhu wa bambo ake sangamugwire. Pambali pake panali ayufi a malaya ofiira, amene anthu ankawatchula kuti achiswe, oima pakhomo la msika, pokwerera basi ndi pachipatala kufunsa khadi la chipani. Gogo wopanda khadi ankabwezedwa ndi mwana woti ndi mdzukulu wake. M'dziko limene mwana amagwada popereka madzi kwa wamkulu, boma linaphunzitsa mwana kuti akhoza kumukankha wamkuluyo, bola akhale kumbali yoyenera.

Zimene zinagwera a Mboni za Yehova zikusonyeza bwino mmene mawu a pamwamba amasandukira zibonga pansi. Mpingowu unaletsedwa mu 1967 chifukwa anthu ake ankakana kugula makhadi a chipani. Mu Seputembala 1972 msonkhano waukulu wa MCP unagwirizana kuti a Mboni achotsedwe ntchito ndipo athamangitsidwe m'midzi. Akuluakulu amene anaomba m'manja pamsonkhanowo anabwerera kwawo ndi masuti oyera. Amene anatentha nyumba, kumenya ndi kugwiririra amayi anali achinyamata, ndipo ambiri ankachitira anthu a m'mudzi mwawo momwe, amene anatunga nawo madzi pachitsime chimodzi. Anthu zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena ku Mozambique.

Nanga apayoniyawo zinawathera bwanji? Pa 1 Disembala 1993, pambuyo pa mkangano ku Mzuzu, apayoniya anawombera ndi kupha asilikali a boma. Patapita masiku awiri asilikali anayamba kuwalanda zida pa chimene chimadziwika kuti Operation Bwezani. Likulu lawo ku Lilongwe linaphwanyidwa, ena anafa, ndipo pafupifupi 2,000 anathawira m'tchire la ku Mozambique. Akuluakulu amene ankawatuma anatsala m'nyumba zawo, ena anadzapikisana nawo pa chisankho cha 1994 n'kulowa m'Nyumba ya Malamulo. Makolo athu ankati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Pa ndale zathu zimayenda chobwerera: wadya nkhuyu ndi wamkulu, wopotedwa ndi mwana.

Wina akanayembekezera kuti ndale za zipani zambiri zithetsa mchitidwewu. Unangosintha malaya. Nthawi ya UDF tinali ndi ma Young Democrats, amene anatchuka ndi kumenya atolankhani, otsutsa boma ndi aliyense wokana kuti a Bakili Muluzi aimenso kachitatu m'zaka za 2002 ndi 2003. Nthawi ya DPP tinali ndi makadeti. Ndipo chipani chilichonse chimene chinalira chili kotsutsa, chitalowa m'boma chinapeza kuti chikwanje chomwe chija chili bwino kuchisunga kuseri kwa chitseko.

Chaka cha 2011 n'choyenera kuchiyang'ana mofatsa, chifukwa ndondomeko ya zinthu ikuoneka poyera. Mu Malichi, pamsonkhano wa chipani ku Blantyre, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anauza omutsatira kuti amuteteze kwa anthu omunyoza, mawu amene ambiri anawamva ngati chilolezo choti otsutsa alangidwe. Mu Julayi kunabwera magalimoto a zikwanje aja. Zionetsero zitatha, pamwambo wa apolisi ku Zomba, anatchula maina a atsogoleri a mabungwe n'kunena kuti adzawasakasaka mpaka kuwatulutsa kumene abisala. Mu Seputembala maofesi a bungwe la a Rafiq Hajat ku Blantyre anapsa, nyumba ya a MacDonald Sembereka ku Balaka inapsanso. Pa 24 Seputembala, Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic amene ankadzudzula boma, anapezeka atafa pasukulupo. Apolisi anati wadzipha, koma komiti yofufuza imene inatsogoleredwa ndi Jaji Andrew Nyirenda mu 2012 inapeza kuti anachita kuphedwa. Sindikunena kuti Pulezidenti ndiye anayatsa machesi. Ndikunena kuti mutu wa dziko ukatchula munthu dzina pagulu ngati mdani, pamakhala mnyamata wina kwinakwake amene amaona mwayi wosonyeza bwana kuti iye ndi wokhulupirika kuposa anzake. Mtsogoleri aliyense wodziwa ndale amadziwa kuti mnyamata ameneyo alipo, ndipo akamalankhula amalankhula akudziwa kuti akumva.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya olamula okha. Mu 2019, chisankho chitasokonekera, anthu anali ndi chifukwa chomveka chokwiyira, ndipo khoti linadzawavomereza pa 3 Febuluwale 2020 pothetsa zotsatira zake. Koma m'miyezi ya zionetsero ija masitolo anathyoledwa, maofesi anatenthedwa, ndipo pa 8 Okutobala 2019 wapolisi, Superintendent Usumani Imedi, anaphedwa ndi miyala ku Msundwe. Ambiri a ife tinkatchula anyamata a ku Msundwe ndi maina a usilikali, mwanthabwala ndi monyadira, chifukwa miyala yawo inkagwera kumbali imene sitinkaikonda. Atsogoleri a zionetsero ndi a zipani zotsutsa ankadzudzula ziwawa, inde, koma ndi mawu otsika kwambiri kuposa mmene ankadzudzulira boma, ndipo achinyamata amamva kusiyana kwa mawu okwera ndi otsika. Chotsatira chake, apolisi anapita kukabwezera ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, ndipo amene analipira anali amayi ndi atsikana amene anagwiriridwa. Mu Ogasiti 2020 khoti lalikulu linalamula boma kuti lipepese amayi 18 ndi ndalama. Wapolisi wachinyamata nayenso ndi wachinyamata: amayang'ana ngati akuluakulu ake alanga mnzake kapena amubisa.

Ndipo pa 26 Juni 2025, MCP ili m'boma, anthu a zikwanje anavulaza a Sylvester Namiwa pa zionetsero ku Lilongwe, apolisi ndi asilikali ali chiimire pomwepo. Zithunzi zake zinafika m'foni ya pafupifupi wachinyamata aliyense. Phunziro la zithunzizo silinali chikwanje ayi. Linali manja a apolisi amene anali chipindire.

Pano wina andiuza kuti abambo, vuto ndi umphawi, anyamatawa akungofuna ya sopo. Pali choonadi pamenepo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni a m'dziko muno, oposa theka anali osakwana zaka 18. Ntchito kulibe, ndipo mnyamata woitanira minibasi pa depoti akapatsidwa ndalama ya tsiku limodzi, mowa ndi tisheti, kwa iye ndi ganyu ngati ganyu wina aliyense. Koma umphawi sufotokoza zonse. Achinyamata osauka alipo mamiliyoni, onyamula zikwanje ndi ochepa kwambiri. Umphawi sugula mafuta a galimoto. Umphawi sudziwa kuti zionetsero ziyambira pa bwalo liti, nthawi yanji. Umphawi suimbira foni ku polisi kuti amene mwamugwirayo mutulutseni. Ziwawa za ndale zili ndi bajeti, zili ndi kalendala, zimabuka chisankho chikayandikira n'kuzirala chikadutsa. Chinthu chokhala ndi bajeti chili ndi mwiniwake. Komanso ndalama si chokhacho chimene mnyamatayu amalandira. Amalandira dzina. Dzulo anali lova amene palibe ankamupatsa moni, lero bwana wamkulu amamudziwa dzina, amamutchula kuti mwana wanga, ndipo anthu a m'dera lake amamuopa. Kwa munthu amene sanawerengedwepo, kuopedwa kumafanana ndi kulemekezedwa. Mtsogoleri amene amagawa ulemu wotere ndiye amene akuphunzitsa m'badwo wonse tanthauzo la kukhala mwamuna.

Kumene njira imeneyi imathera tinakuona ku Rwanda. Gulu la Interahamwe linayamba ngati nthambi ya achinyamata ya chipani cholamula cha MRND, anyamata ovala zokongola, ovina ndi kuimba pamisonkhano. Mu Novembala 1992 mkulu wina wa chipanicho, Léon Mugesera, analankhula ku Kabaya mawu oti Atutsi adzabwezedwa kumene anachokera kudzera mumtsinje wa Nyabarongo. Mu 1994 mitembo inayandamadi mumtsinjewo. Katswiri wa zachuma David Yanagizawa-Drott anafananitsa midzi imene wailesi yofalitsa chidani ya RTLM inkamveka bwino ndi imene mapiri ankaitchinga. Mu 2014 anasindikiza zotsatira zosonyeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 alionse amene anatenga nawo mbali pa kuphanako, anthu ngati 51,000, anatero chifukwa cha wailesiyo. Sindikuti Malawi ndi Rwanda. Ndikuti kutalika kwa mtunda wochoka pa mawu kukafika pa mtembo kunayezedwa, ndipo si kwakutali monga timadzinamizira.

Abale athu a ku Joni analawa zimenezi pathupi pawo. Mu Malichi 2015, ku Pongola, mfumu ya Azulu, Goodwill Zwelithini, inalankhula kuti alendo alongedze katundu wawo azipita kwawo. Patangopita masabata ochepa, ku Durban kenako ku Johannesburg kunabuka ziwawa, anthu osachepera 7 anaphedwa, ndipo boma lathu linatumiza mabasi kukatenga Amalawi amene anathawira m'misasa. Mfumuyo inati mawu ake anapotozedwa, ndipo mu Epulo inaitanitsa msonkhano waukulu ku Durban kupempha mtendere. Koma anthu anali atafa kale. Mafumu athu muli pano, nkhani imeneyi ikukukhudzani. Mfumu ikanena kuti m'dera langa chipani chakuti chisapondemo, kapena wandale akanena kuti kuno ndi kuchipinda kwathu, anyamata amamva kuti apatsidwa ntchito ya ulonda pakhomo la chipindacho.

Mphamvu yomweyi imathanso kugwira ntchito mbali inayo, ngakhale kuti imachedwa. Pa 25 Febuluwale 1990, patangopita masabata awiri chitulukire m'ndende, Nelson Mandela anaima pamaso pa khamu ku Durban n'kuuza anthu ake omwe kuti atenge mfuti, mipeni ndi zikwanje zawo akaziponye m'nyanja. Ena mwa achinyamata ake sanakondwe, ndipo kuphana ku Natal kunapitirira zaka zingapo. Kuyatsa n'kwa tsiku limodzi, kuzimitsa n'kwa zaka. Koma Chris Hani, amene achinyamata a ANC ankamukonda kwambiri, ataphedwa ndi mzungu Janusz Waluś pa 10 Epulo 1993, Mandela anapita pa wailesi ya kanema dziko lili pafupi kuyaka. Anasankha mosamala choti anene. Ananena kuti wakuphayo ndi mzungu, sanabise. Koma anatsindikanso kuti amene anaona nambala ya galimoto ya wakuphayo n'kuuza apolisi anali mayi wachizungu, wa Chibunu. Ndi mfundo imodzi imeneyo anachotsa m'manja mwa mnyamata wokwiya chifukwa chodera mzungu aliyense. Anthu anafabe m'masiku amenewo, koma nkhondo ya mitundu imene ambiri ankaiopa sinachitike, ndipo chaka chotsatira dziko linavota.

Kwathu kunonso tili ndi chitsanzo, ndipo chikuchokera kwa munthu yemwe uja amene analera apayoniya. Mu Meyi 1994, kuwerenga mavoti kusanathe, Dr. Hastings Kamuzu Banda analankhula pa wailesi ya MBC kuvomereza kuti a Muluzi apambana. Akanakana, analipo anthu okonzeka kumufera. Mu Seputembala 2025 a Lazarus Chakwera anachita chimodzimodzi, kuvomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe. Mawu ochepa otero amabweza anyamata ambiri kunyumba kuposa utsi wokhetsa misozi.

Komabe ine sindikhutira ndi mawu okha, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ena okonda mapangano a mtendere. Bungwe la Public Affairs Committee lakhala likusonkhanitsa opikisana pa upulezidenti kuti asaine mapangano otere chisankho chisanachitike. Tili ndi lamulo la zipani la 2018 loletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa anthu. Tili ndi lamulo la 2022 lokhazikitsa komishoni ya mtendere ndi umodzi. M'maboma muli makomiti obweretsa zipani pamodzi. Zonsezi n'zabwino, ndipo amene amazigwira ntchito ndimawapatsa ulemu. Koma kumbukirani ana a Bandura aja. Mnyamata sawerenga pangano losainidwa mu hotela. Amayang'ana ngati mnzake amene anakhapa munthu dzana wagona m'chitokosi, kapena wapatsidwa malo otolera ndalama pa depoti. Kudzudzula ziwawa za chipani china n'kosavuta, aliyense amatha. Ngakhale kudzudzula ziwawa "kuchokera kumbali zonse" n'kosavuta, ndipo nthawi zambiri ndi njira yaulemu yosadzudzula aliyense. Chovuta, chimene chimasintha maganizo a achinyamata, ndi mtsogoleri kupereka mnyamata wake yemwe kwa apolisi, iye ali pampando, chisankho chili pafupi.

Anzathu a ku Zambia anayesako. Pansi pa ulamuliro wa PF, makada a chipani ankalamulira misika ndi masiteshoni a mabasi ku Lusaka, kutolera ndalama ndi kumenya wovala mtundu wolakwika. A Hakainde Hichilema atapambana mu Ogasiti 2021 analengeza kuti makada achoke m'misika ndi m'masiteshoni, kuphatikizapo a chipani chawo cha UPND, ndipo malowo abwerere m'manja mwa makhonsolo. Madandaulo sanatheretu, koma onani kumene anagwira: anagwira pa malipiro. Kadeti samenyera chikondi chokha, amamenyera msika umene adzapatsidwe chipani chikapambana.

Aphunzitsi ndi abusa, musamasuke poganiza kuti ndikunena andale okha. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ambiri mwa iwo achinyamata. Mu Januwale 2016 ku Neno, agogo anayi anaphedwa powaganizira ufiti. Panalibe chipani pamenepo. Panali akuluakulu a m'mudzi amene anamva mphekesera ikukula, anaona anyamata akusonkhana, n'kusankha kukhala m'nyumba. Wakuba akawotchedwa ndi tayala pamsika, ana a sukulu amakhala ali pomwepo, ndipo Lamlungu lotsatira amamvetsera ngati abusa atchulapo kanthu.

Kwa inu achinyamata ndili ndi pempho limodzi. Tsiku limene galimoto idzaima m'dera lanu, abigi n'kutsitsa galasi n'kunena kuti pali kaganyu, mudzawafunse kuti mwana wawo wobereka akhala pampando uti m'galimotomo. Ndipo kwa tonse amene timavota: wofuna ukhansala, uphungu kapena upulezidenti akadzabwera kudzatiuza kuti chipani chake chimadana ndi ziwawa, tisadzaombe m'manja msanga. Tidzamufunse kuti atchule mnyamata mmodzi wa chipani chake amene anamuchotsa kapena kumupereka ku polisi chifukwa chomenya munthu, atiuze polisi yake ndi khoti limene mlanduwo unakambidwa. Mafumu, inu muli ndi mphamvu yofunsa funso limeneli musanapereke bwalo la msonkhano.